Tensão ndi shuga: zimene kafukufuku anapeza zifike ku Tsangano ndi Macanga

Ndondomeko ya dziko yolimbana ndi matenda osapatsirana, imene Unduna wa Zaumoyo, MISAU, unakonza kuti igwire ntchito kuyambira 2020 mpaka 2029, yadutsa kale theka la nthawi yake. Pa 25 Seputembala 2025 atsogoleri a mayiko anakumana ku New York pa msonkhano wachinayi wa bungwe la ONU wokambirana matenda omwewa. Chimodzi mwa zolinga zimene analemba n'chakuti pofika 2030, anthu ena 150 miliyoni odwala kuthamanga kwa magazi akhale ali pa mankhwala ndipo magazi awo atatsika. Malonjezo amenewa ndi abwino, koma kwa mlimi wa mbatatesi ku Ntengo-wa-Mbalame kapena mlimi wa fodya ku Chidzolomondo, chofunika n'chakuti akafika pa chipatala chapafupi apeze makina oyezera magazi akugwira ntchito, ndipo mwezi wotsatira apezenso mankhwala omwe anayamba.

Matenda osapatsirana ndi aja amene munthu satengera kwa mnzake: kuthamanga kwa magazi kumene ambiri timati tensão, shuga, kufa ziwalo kumene ena amati trombose, matenda a mtima, khansa, mphumu ndi matenda ena a m'mapapo okhalitsa. Ambiri mwa matendawa sachira ngati malungo. Munthu amakhala nawo moyo wake wonse, ndipo amafuna mankhwala osadukiza.

Zimene kafukufuku anapeza

Dziko la Moçambique lili ndi kafukufuku wokwanira pa nkhaniyi. Mu 2005 Unduna wa Zaumoyo ndi akatswiri a ku Universidade Eduardo Mondlane, mwa iwo dokotala wa mtima Albertino Damasceno, anayenda m'zigawo zonse kuyeza anthu oposa 3,000 a zaka 25 mpaka 64. Anatsata njira ya bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, yotchedwa STEPS: kufunsa mafunso, kuyeza thupi, kenako kuyeza magazi. Anapeza kuti anthu 33 pa 100 aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kutanthauza kuti muyezo wawo unafika pa 140 ndi 90 kapena kupitirira, kapena anali kale pa mankhwala. Kafukufukuyu atabwerezedwa mu 2014 ndi 2015, chiwerengero chinakwera kufika pafupifupi 39 pa 100. Shuga anakwera kuchoka pa anthu pafupifupi 3 pa 100 kufika pa 7 pa 100.

Chodetsa nkhawa kwambiri chili pa zimene zinkachitika kwa odwalawo. Mu 2005, mwa anthu 100 a tensão, 15 okha ndi amene ankadziwa kuti ali ndi vutoli. Mwa 15 amenewo, pafupifupi theka ndi amene ankamwa mankhwala. Mwa omwa mankhwalawo, osafika theka ndi amene magazi awo anatsikadi. Pomaliza pamatsala anthu atatu pa 100. Patapita zaka khumi, kafukufuku wachiwiri anapezanso chimodzimodzi: odziwa 15, omwa mankhwala 7, otetezeka atatu.

Mapeto a tensão yosadziwika timawadziwa tonse. Munthu amene dzulo anali kumunda wadzuka mkono ndi mwendo zitafa, pakamwa patapotoka. Kafukufuku wa m'zipatala za mzinda wa Maputo, kuyambira Ogasiti 2005 mpaka Julayi 2006, anawerenga anthu 651 ogwidwa ndi matenda a kufa ziwalo m'chaka chimodzi, ndipo pafupifupi theka anamwalira mwezi usanathe. Kumeneko ndi ku likulu, komwe kuli makina ojambula mutu ndi madokotala ambiri. Ku mudzi imfa yotero imatchedwa ya mwadzidzidzi, ndipo kawirikawiri abale amayamba kulozana zala, kunena kuti wina wamenya mnzake ndi hamala ya ufiti. Mabanja ambiri apasuka chifukwa cha matenda amene makina a m'manja akanawaonetsa zaka zisanu m'mbuyo.

Ana nawonso sanatsale. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007, amene mwa ochita ake munali dokotala Ana Olga Mocumbi, anayeza ana asukulu 2,170 ku Maputo. Pomvetsera mtima ndi chida cha m'makutu anapeza ana 5 okha a mtima wowonongeka ndi nyamakazi yoyamba ndi zilonda za pakhosi. Atajambula mitima ndi makina anapeza ana 66. Matenda amene sitikuwayeza bwino amaoneka ngati kulibe.

Ndondomeko inalembedwa, manambala sanasunthe

Kafukufuku wa 2005 anabala zipatso pa pepala. Unduna unakonza ndondomeko yoyamba ya dziko ya matenda osapatsirana ya zaka za 2008 mpaka 2014, ndipo Moçambique anali m'gulu la mayiko oyambirira kuchita zimenezi mu Africa muno. Komabe zaka za ndondomekoyo zili mkati mwa zaka khumi zija zimene chiwerengero cha odziwa matenda awo chinaima pa 15. Apa pali phunziro. Kafukufuku angauze boma kukula kwa vuto, boma n'kulemba ndondomeko yabwino, koma ngati palibe ndalama, ogwira ntchito ndi mankhwala, wodwala wa ku Furancungo saona kusintha kulikonse.

Zifukwa zake si zobisika. Zipatala zathu zinakula polimbana ndi malungo, chifuwa chachikulu, Edzi ndi imfa za amayi ndi ana, ndipo m'pomveka: kafukufuku wa zifukwa za imfa wotsatira kalembera wa 2007 anasonyeza kuti malungo ndi Edzi zinkatenga imfa zoposa theka m'dziko muno. Ndalama za abwenzi akunja zinalowera kumeneko, pamodzi ndi makaundula, maphunziro a anamwino ndi magalimoto operekera mankhwala. Wodwala Edzi akalephera kubwera pa tsiku lake amalondoledwa mpaka kunyumba. Wodwala tensão akasowa, nthawi zambiri palibe amene amadziwa.

Tsopano ndalama zakunjazo zikuchepa. Mu Januwale 2025 boma la United States linaimitsa thandizo lambiri lakunja, ndipo m'chaka chomwecho bungwe la USAID linatsekedwa. Pamene ndalama zachepa, kusankha chochita mwachimbulimbuli kumapweteka kwambiri. Metikali iliyonse iyenera kupita pamene umboni wasonyeza kuti ipulumutsa anthu ambiri.

Tete inaphunzitsapo dziko

Kuti kafukufuku angasinthe zochita za boma, umboni wake uli m'chigawo chathu chomwechino. Mu 2008, odwala a ku Tete, akuluakulu a zaumoyo m'chigawo ndi bungwe la Médicos Sem Fronteiras anayambitsa magulu otengerana mankhwala a ma ARV, amene lero timati GAAC. Anthu osaposa asanu ndi mmodzi, okhala moyandikana ndiponso amene thupi lawo lakhazikika pa mankhwala, ankatuma mmodzi mwezi uliwonse kukatenga mankhwala a onse. Motero aliyense ankayenda ulendo wa kuchipatala kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi. Chofunika n'chakuti oyambitsawo ankalemba zonse. Zotsatira zofalitsidwa mu 2011 zinasonyeza kuti mwa anthu oposa 1,300 a m'magulu 291, oposa 97 pa 100 anali akupitirizabe mankhwala. Unduna unatenga njirayi n'kuifalitsa m'zigawo zina kuyambira chaka chomwecho, ndipo mayiko ena anatengeranso.

Chitsanzo china ndi cha ku Chitima, m'distrito ya Cahora Bassa. Mu Januwale 2015 anthu 75 anamwalira atamwa pombe pa maliro. Mphekesera inati mu mowamo munathiridwa ndulu ya ng'ona. Atayeza m'malabotale, akatswiri anapeza poizoni wopangidwa ndi kachilombo ka Burkholderia gladioli kamene kanali mu ufa wophikira mowawo. Kukanakhala kuti palibe kuyeza, wina akanasenza mlandu wakupha, ndipo phunziro lenileni, losamala ufa wonyowa ndi wovunda, likanatayika.

Pa khansa ya khomo la chiberekero, imene imagwira amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'dziko muno, boma linatsatanso njira yoyesa kaye. Mu 2014 katemera wa HPV anayesedwa m'madistrito atatu: Manhiça, Manica ndi Mocímboa da Praia. Zimene anaphunzira kumeneko zinathandiza poyambitsa katemerayu m'dziko lonse mu Novembala 2021 kwa atsikana a zaka 9.

Pa GAAC ndi pa katemera, kafukufuku sanaime pa kuwerenga odwala. Anayesa njira yothandizira, anawerenga zotsatira zake, ndipo boma linapatsidwa chinthu choti lichite. Tensão ndi shuga zikufuna kafukufuku wa mtundu umenewu.

Zimene manambala a dziko sanena za kuno

Anthu 3,000 akagawidwa m'dziko lonse amapereka chithunzi chabwino cha Moçambique, koma sangapereke chiwerengero cha distrito imodzi. Kafukufuku wa STEPS, pamodzi ndi wina wa mtundu womwewo wotchedwa InCRÓNICA amene Instituto Nacional de Saúde inachita mu 2024, anakonzedwa kuti atsogolere dziko. Mkulu wa zaumoyo ku Tsangano akamapempha mankhwala a chaka chamawa amadalira makaundula a zipatala zake, amene amalowa mu dongosolo la SIS-MA.

Apa pali msampha. Kaundula amalemba okhawo amene anabwera n'kuyezedwa. Ngati makina oyezera athyoka kapena mabatire atha, mwezi umenewo kaundula adzaonetsa odwala ochepa. Odwala ochepa akaoneka, mankhwala amabwera ochepa. Mankhwala akasowa, odwala amasiya kubwera, ndipo kaundula amatsikanso. Tikadziwa kuti pa odwala 100 odziwika ndi 15, tiyenera kuwerenga kaundula wa distrito mosamala: kuseri kwa munthu mmodzi wolembedwa kungakhale ena asanu kapena asanu ndi mmodzi osalembedwa.

Malire nawonso amasokoneza chiwerengero. Tsangano ndi Macanga zili m'malire ndi Malawi, ndipo anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi pa chilankhulo, ukwati ndi msika. Mabanja ena amapita ku zipatala za ku Ntcheu kapena Dedza chifukwa ndi zimene zili pafupi. Wodwala wotero amalembedwa ku Malawi, kwathu kuno n'kukhala ngati kulibe. Akayamba mankhwala ena uko n'kudzapitiriza ena kuno, palibe khadi lowauza anamwino a mbali ziwiri zimene mnzawo anapereka. Akuluakulu a zaumoyo a madistrito a m'malire angathetse zimenezi pogwirizana za khadi limene wodwala angayende nalo.

Tsidya lomwelo kuli chitsanzo choyenera kuchiyendera. Ku Neno, boma la Malawi ndi bungwe la Partners In Health anaphatikiza chipatala cha ma ARV ndi cha matenda ena okhalitsa kuyambira 2015. Wodwala Edzi, wa tensão, wa shuga, wa khunyu ndi wa mphumu amaonedwa tsiku limodzi, ndi anamwino omwewo, ndipo amalondoledwa ndi anthu omwewo akasowa. Neno ndi dera la mapiri ndi misewu yovuta ngati kwathu kuno.

Fodya: ndalama ya banja ndi matenda a banja

Ku Macanga nkhani ya matenda osapatsirana singakambidwe popanda kutchula fodya. Mabanja ambiri amalima fodya pa mgwirizano ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene ili ndi fakitale mu mzinda wa Tete. Malata a nyumba, njinga zamoto ndi fizi ya ana zachokera mu fodya. Mbali inayi, dziko lathu linavomereza pangano la OMS lochepetsa fodya mu 2017, ndipo mu 2007 boma linakhazikitsa Decreto 11/2007 yoletsa kusuta m'malo opezeka anthu ambiri ndi kugulitsa fodya kwa ana.

Kafukufuku amathandiza kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Fodya wambiri wolimidwa kuno amagulitsidwa kunja, kotero kuteteza mwana wa ku Furancungo kuti asayambe kusuta sikulanda msika wa bambo ake. Ndiponso kafukufuku wa 2005 anasonyeza kuti amuna pafupifupi 4 pa 10 ndi akazi pafupifupi 2 pa 10 ankagwiritsa ntchito fodya, ndipo kumidzi ambiri ankasuta wopichira okha kapena kugwiritsa ntchito wa pamphuno ndi wa mkamwa. Msonkho wa ndudu za m'paketi ndi chida champhamvu m'tauni, koma sufika pa chingambwe chochokera m'chigafa cha kuseri kwa nyumba. Kuno pafunika uthenga wa m'chinenero chathu, wodzera kwa mafumu, m'mipingo, m'misikiti ndi pa wailesi za m'madera.

Pangano la OMS lija, mu ndime 17 ndi 18, limalamulanso maboma kuthandiza alimi kupeza mbewu zina zopindulitsa ndi kuteteza thanzi la ogwira ntchito m'minda ya fodya. Wothyola fodya wonyowa amalowedwa ndi chikonga kudzera pakhungu, n'kumva chizungulire, mutu ndi nseru, zimene ambiri amaziyesa malungo. Mlimi ali ndi ufulu wofunsa kuti mbali imeneyi ya pangano ikukwaniritsidwa bwanji. Soya, nyemba, mbatatesi ndi tirigu zimachita bwino m'mapiri a Angónia, Tsangano ndi Macanga, koma mlimi sangasiye fodya popanda wogula wodalirika, ngongole ya feteleza ndi msewu wodutsika m'dzinja. N'chifukwa chake ndondomeko ya 2020 mpaka 2029 inalembedwa kuti ikhudze maunduna ambiri. A zaulimi, a zamalonda ndi a zamisewu ali ndi gawo lawo pa thanzi la mtima wa anthu.

Mchere ndi utsi

Bungwe la OMS limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Kafukufuku wochepa wa ku Maputo, wofalitsidwa mu 2017, anapeza kuti oyezedwawo ankadya mchere wopitirira kawiri muyezo umenewu, ndipo wambiri unali wothira okha pophika. Ku Ulaya maboma amakambirana ndi mafakitale chifukwa mchere wambiri umabwera m'zakudya za m'sitolo. Kuno mchere umalowera pa mphika wa ndiwo, mu caldo, ndi mu nsomba zouma zamchere monga chicoa. Lamulo lokopera ku Ulaya silingagwire. Chogwira ndi kuphunzitsa ophika: kuviika nsomba yamchere n'kutaya madzi ake, kusaphatikiza caldo ndi mchere wambiri, ndi kuchotsa mchere wowonjezera pa mphasa.

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi m'mapiri a Tsangano kumachititsa mabanja kusonkha moto m'nyumba zotseka. Utsi wa nkhuni, munthu akaupuma zaka zambiri, umawononga mapapo ngakhale asanasutepo ndudu, ndipo amayi ndi ana ndiwo amakhala nawo pafupi. Mayi wotsokomola amene wayezedwa chifuwa chachikulu n'kupezeka alibe sayenera kungobwezedwa kunyumba. Milandu yotere ikamalembedwa, distrito idzakhala ndi umboni wopemphera mankhwala opumira ndi mbaula zosatulutsa utsi wambiri.

Zimene zingayesedwe kuno

Choyamba n'chakuti munthu wamkulu aliyense wofika pa chipatala, kaya wabwera ndi malungo, sikelo ya mimba kapena kudzatenga ma ARV, ayezedwe kuthamanga kwa magazi. Kuyezako sikutenga mphindi zisanu.

Chachiwiri ndi ma APE, azaumoyo a m'midzi amene amayeza kale malungo ndi kuthandiza ana otsegula m'mimba. Madera ochepa angasankhidwe, ma APE ake n'kupatsidwa makina ndi maphunziro, kenako pakatha chaka n'kuwerenga kuti apeza angati, ofika kuchipatala ndi angati, ndipo otsika magazi ndi angati.

Chachitatu ndi magulu otengerana mankhwala a tensão ndi shuga, motengera GAAC. Apa pafunika kusamala. GAAC inkalandira okhawo okhazikika pa mankhwala, ndipo tensão imafuna kuyezedwa pafupipafupi kuti mlingo wa mankhwala usinthidwe. Gulu lingafune makina akeake ndi munthu wodziwa kuwerenga muyezo. Zimenezi ndi zoyenera kuyesa ndi kulemba, monga anachitira mu 2008.

Zonsezi zili ndi chenjezo limodzi. Kuyeza anthu ambiri pamene mankhwala palibe kumangowapatsa mantha n'kuwachotsa chikhulupiriro. Kupeza odwala ndi kugula mankhwala ziyendere limodzi.

Gawo la nzika

Ndime 89 ya Malamulo Aakulu a dziko imati nzika iliyonse ili ndi ufulu wolandira thandizo la zaumoyo. Lamulo 34/2014 limapatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira uthenga wokhudza anthu onse kuchokera ku maofesi a boma. Mayina a odwala ndi chinsinsi, koma chiwerengero chawo si chinsinsi. M'madera mwathu muli makomiti a zaumoyo, makomiti oyendetsa chipatala mogwirizana ndi anthu, ndi ma Conselho Consultivo a m'localidade, posto ndi distrito, amene amapereka maganizo pa ndondomeko ndi bajeti ya distrito, PESOD.

Inu amene mumakhala m'mabwalo amenewa, kapena mumatuma wokuyimirani, mafunso oti mupite nawo kwa a SDSMAS ndi awa. Ndi zipatala zingati m'distrito zimene zili ndi makina oyezera tensão ndi shuga ogwira ntchito lero? Chaka chatha analembedwa odwala angati, ndipo mwa iwo ndi angati akubwerabe? Mankhwala monga amlodipina, metformina ndi insulina anasowa miyezi ingati? Wodwala wogwidwa ndi kufa ziwalo amatumizidwa bwanji ku Ulónguè kapena ku chipatala chachikulu cha Tete, ndipo mafuta a ambulansi amalipira ndani? Atsikana angati a zaka 9 analandira katemera wa HPV? Mayankho alembedwe m'mabuku a msonkhano, kuti chaka chamawa mudzafunsenso n'kuyerekeza.

Ochita kafukufuku nawonso ali ndi ngongole kwa anthu. Amene anabwera pa mudzi kudzayeza ndi kufunsa ayenera kubweza zotsatira m'chinenero chimene anthu amamva, pa bwalo la mfumu ndi pa wailesi, osati m'mabuku a Chingerezi okha. Ndipo inu owerenga, ngati mwapitirira zaka 30 ndipo simunayezetsepo, pemphani kuti akuyezeni ulendo wotsatira wa kuchipatala, ngakhale simukumva kupweteka kulikonse. Tensão kawirikawiri siipereka chizindikiro. Mukapezeka nayo, dzina lanu likalowa m'kaundula, mwadzithandiza nokha ndiponso mwawonjezera umboni umene distrito idzagwiritse ntchito popempha mankhwala a anzanu.